Dzira la Mayi Wina ndi Mantha a Tsiku Lochira

Lero ndikambe mbiri pang'ono, chifukwa cha mlongo wina amene anabwera kunyumba kwathu ku Kaning'ina. Atakhala zaka 14 pabanja wopanda mwana, anapita ku South Africa, madokotala nkuika m'chiberekero mwake dzira la mayi wina lophatikiza ndi mbewu ya amuna ake. Pano ali ndi pakati pa miyezi 7, koma tulo sakuona. Anandifunsa kuti, "Abusa, kodi ndikachira? Kapena Mulungu andilanga poti dziralo si langa?"

Ine ndinawayankha kuti, "Mayi, nkhani yanuyi si yalero."

Tsegulani Genesis 16: Sarai anapereka Hagara kwa Abramu kuti apeze mwana kudzera mwa iye. Pa Genesis 30 Rakele anachitanso chimodzimodzi ndi Biliha. Makolo athu nawo anali ndi njira zawo. Mwamuna akakhala wosabereka, ena ankalowetsa fisi usiku. Kuno kumpoto, banja nthawi zina linkapereka mng'ono wa mkazi, amene amati mbirigha. Sindikuyamikira miyamboyi, ayi, inaliza akazi ambiri. Ndikungoti njala ya mwana ndi yakalekale.

Njira zachipatalazi zangobwera dzulodzuloli. Pa 25 July 1978, ku Oldham ku England, kunabadwa Louise Brown, mwana woyamba amene dzira ndi mbewu zake zinaphatikizidwa kunja kwa thupi, ntchito ya Patrick Steptoe ndi Robert Edwards. Pasanathe zaka 10, ku Melbourne ku Australia mayi anabereka ndi dzira lopatsidwa ndi mnzake. Mu 1984 mwana woyamba wa IVF ku South Africa anabadwira pa chipatala cha Tygerberg. Louise uja anakula, anakwatiwa, nkubereka ana akeake. Aleluya!

Nanga mantha? Amenewo ndiye akale kuposa zonse. Rakele yemwe uja anamwalira pobereka Benjamini, ndipo mwanayo anali wa dzira lake lomwe. Mukundimva? Imfa yake sinali chilango cha dzira. Ngakhale chinenero chathu chimati mayi ndi "wapakati", akabereka nkumati "wachira". Agogo athu ankadziwa kuti ulendowu ndi woopsa kwa mkazi aliyense.

Chimene chinandidetsa nkhawa ine nchakuti mlongoyu, poopa miseche, sanauze anamwino kusikelo mmene mimbayo inabwerera. Apa ndiye pali ngozi yeniyeni. Madokotala anapeza kale kuti mimba ya dzira lopatsidwa imabweretsa kawirikawiri vuto la kuthamanga kwa magazi, makamaka mayi akakhala wamkulu kapena akanyamula mapasa. Mutu waukulu, kuona zachimbuuzi, kutupa nkhope ndi manja, zimenezo si ziwanda zoti tizingodzudzula pa mkeka. Tipemphere, inde, koma tili m'galimoto kulowera ku Mzuzu Central Hospital.

Tinagwada pabalaza, ine, mayi busa ndi iwo. Titati amen, mayi busa anawauza kuti, "Mawa m'mawa mutenge buku lanu lakusikelo, tipitire limodzi. Mukalephera kuyankhula, ndikayamba ndine." Anapita, ananena zonse, ndipo anamwino anawauza kuti azibwera kudzayezetsa BP pafupipafupi mpaka tsiku lawo litakwana. Dzina lawo sinditchula pa wailesi pano, koma muziwakumbukira m'mapemphero anu a m'bandakucha.