Maina a Makolo m'Makalata a Miseu ya ku Lundazi

Mwana wa sukulu wa kwa Kapichila akafunsidwa maina a makolo ake, kawirikawiri amatchula atate ndi amai, agogo aamuna ndi aakazi, ndipo pomwepo amaima. Kale nkhalamba za pabwalo zinkatha kutchula mibadwo isanu popanda kudodoma. Koma nkhalambazo zilikutha, ndipo iliyonse ikamwalira imapita ndi maina amene palibe wina adawasunga. Tsono pakabuka mlandu wa malire a munda, kapena wa kulowa unyakwawa, anthu amasowa pogwira. Komatu ilipo mboni ina imene ambiri saikumbukira, ndiyo mseu, pamodzi ndi makalata amene boma la atsamunda lidalemba pa kuusamala.

Kampani ya British South Africa itagonjetsa Angoni a Mpezeni m'chaka cha 1898, idakhazika likulu la North-Eastern Rhodesia pa Fort Jameson, pamene lero patchedwa Chipata. Masiku amenewo kunalibe galimoto, ndipo ng'ombe za ngolo sizinkakhalitsa m'madera a kashembe. Katundu yense ankayenda pamitu ya amtengatenga, bwana wa pa boma nayenda m'machila, pambuyo pake panjinga. Chifukwa chake boma lidalamula kuti mudzi uliwonse uzilambula njira yake kufikira pomwe ayambira anzao a mudzi wina, ndi kukonzanso maulalo a mitengo pamene mvula yatha. Nyakwawa imene njira yake idapezeka yowirira inkadzudzulidwa, ndipo dzina lake linkalembedwa.

Msonkho wa nyumba, umene udayamba kutoledwa m'chaka cha 1901 pa mashilingi atatu, ndiwo udamanga mseu ndi kaundula pamodzi. Bwana sakadatola msonkho popanda njira yofikira m'midzi, ndiponso sakadautola popanda buku la maina a amuna oyenera kukhoma. Munthu wosowa ndalama kawirikawiri ankaugwirira ntchito msonkhowo, ndipo ntchito yopezeka pafupi inali ya pamseu kapena ya kusenza katundu wa boma. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 amuna zikwizikwi a dziko lonselo adasenza chakudya ndi zida kunka nazo kumalire a kumpoto, ndipo ambiri sadabwerere kwao.

M'chaka cha 1911 zigawo ziwiri zidaphatikizidwa kukhala Northern Rhodesia, ndipo mu 1924 Kampani idapereka dzikolo m'manja mwa boma la Britain. Lamulo la 1929 lidapatsa mafumu mphamvu ya kulamula anthu ao pa zinthu zina, ndi kuweruza milandu m'mabwalo ovomerezedwa. Lamulo la 1936 lidawalola kukhala ndi thumba la ndalama. Kuyambira pamenepo miseu idagawika pawiri: ikuluikulu, monga wochokera ku Fort Jameson kudza ku Lundazi, inali ya boma, koma ing'onoing'ono yolowa m'midzi idakhala pa mapewa a mafumu ndi makalaliki ao. Pangano la maiko lopangidwa ku Geneva mu 1930 lidaletsa ntchito ya chikakamizo, ngakhale lidasiya mpata wa tintchito tating'ono tothandiza mudzi. Chotero kulambula njira za pakati pa midzi kudapitirira kopanda malipiro, pamene magulu a pamseu waukulu ankalembedwa ntchito, ali ndi kapitao wao, nalandira phoso ndi ndalama tikiti ya masiku 30 ikadzala.

Mwa makalata otsala a nthawi imeneyo, loyamba kulifuna ndilo buku lalikulu la pa boma, lotchedwa District Notebook. Mabwana ankalembamo motsatizana mbiri ya mitundu, mndandanda wa mafumu ndi olowa m'malo mwao, malire, miseu ndi mitunda yake, ndi zaka za njala kapena dzombe. Achiwiri ndiwo malipoti a ulendo. Bwana akayendera dziko la mfumu, ankalemba midzi monga momwe adaipezera panjira, dzina la nyakwawa, chiwerengero cha amuna, akazi ndi ana, amuna amene anali kunja ku ntchito, ndi mkhalidwe wa njira ndi maulalo. Achitatu ndiwo makaundula a msonkho, amene ankasunga maina a amuna mudzi ndi mudzi, pamodzi ndi zitupa zimene amuna ankayenda nazo. Otsiriza ndiwo mapepala a malipiro a pamseu, pamene wosadziwa kulemba ankadinda chala. Amenewa ndiwo adatayika koposa, pakuti ankayesedwa opanda ntchito ndalama zikawerengedwa, ndipo chiswe sichisankha pepala. Nchifukwa chake dzina la nyakwawa, la mesenjala kapena la kapitao lipezeka msanga kuposa la munthu wamba wogwira khasu.

Phindu lalikulu la lipoti la ulendo lili mu dongosolo la midzi. Popeza bwana ankatsata njira, midzi idalembedwa monga momwe idakhalira moyandikana chaka chimenecho. Munthu akaika pamodzi malipoti awiri otalikirana zaka khumi, aona mudzi umene udasamuka, umene udagawika, ndi umene udasintha dzina mwini wake atafa. Boma linkafuna kuti mudzi ukhale ndi amuna okhoma msonkho osachepera khumi, kotero kuti timidzi tating'ono tinkalembedwa pansi pa dzina la mudzi wina. Banja limene likumbukira kuti agogo anali ndi mudzi wao, koma osaupeza m'buku, lisafulumire kuyesa agogowo abodza.

Zokhumudwitsa zilipo zambiri, ndipo mphunzitsi ayenera kuzidziwa asanayambe. Choyamba ndi maina. Mwamuna mmodzi ankakhala ndi dzina la ubwana, dzina la ubatizo, ndi linanso limene adadzipatsa ku migodi ya ku Wankie kapena ku Copperbelt. Kalaliki ankalemba limene wauzidwa, monga momwe khutu lake lidamvera. Chachiwiri ndi mtundu. Dziko la Lundazi lili ndi Achewa, Atumbuka ndi Angoni okhala moyandikana ndi kukwatirana. Kwa Achewa mwana ndi wa kuchikazi, ndipo ufumu umalowedwa ndi mwana wa mlongo. Kwa Angoni ndi Atumbuka olowola mwana ndi wa kuchimuna. Koma buku la boma linkafunsa dzina la atate kwa onse. Tsono wowerenga akaona nyakwawa yatsopano ya mfunda wa Banda italowa m'malo mwa Phiri, asaganize kuti ufumu udalandidwa. Mwina ndi mphwake woyenera ndithu. Chachitatu ndi akazi, amene kawirikawiri adalowa m'makalatawo ngati chiwerengero chabe. Maina ao afunidwe m'mabuku a ubatizo ndi a maukwati, monga a ku Chasefu, kumene kunali mishoni ya Livingstonia, ndi a ku Lumezi kwa ansembe a White Fathers.

Malire nawonso asokoneza. Mzere wolekanitsa Zambia ndi Malawi udadula pakati pa abale, monga momwe ufumu wa Mwase wa ku Lundazi uli pa chibale ndi wa Mwase wa ku Kasungu. Munthu wosowa m'kaundula wa ku Lundazi angakhale adangooloka kupita ku Mzimba kapena ku Kasungu, ndipo mbiri yake ili ku Zomba. Komatu kumeneko moto wa mu 1919 udatentha makalata ambiri akale a boma. Ndiponso dzina lakuti Lundazi m'makalata akale likuta dziko lalikulu kuposa la lero, pakuti Chama idali m'kati mwake, ndipo Lumezi ndi Chasefu adapatulidwa mu 2018.

Makalata a boma la Northern Rhodesia adayamba kusonkhanitsidwa ku Livingstone mu 1947, ndipo pambuyo pake adasamutsidwira ku Lusaka, kumene asungidwa m'nyumba ya National Archives of Zambia. Ulendo wa ku Lusaka ngwautali ndi wodya ndalama, ndipo wopita chimanjamanja abwerako chimanjamanja. Ntchito iyambire kumudzi. Mphunzitsi atume ana a kalasi lalikulu kwa agogo ao ndi mafunso owerengeka: maina onse a munthuyo ndi mfunda wake, mudzi umene ankakhomera msonkho, nyakwawa ya nthawiyo, mtsinje umene ankatungako madzi, ndi chinthu chachikulu chimene chidachitika ali mnyamata. Nkhalamba siidziwa chaka cha kubadwa kwake, koma ikumbukira ngati idali itakwatira pomangidwa nyumba ya alendo yonga linga ya pa boma la Lundazi, imene bwana Errol Button adamangitsa pakati pa 1948 ndi 1952, kapena ngati idali ndi ana angati pa ufulu wa 1964. Mayankho alembedwe m'buku limodzi losungidwa pa sukulu, pamodzi ndi tsiku ndi dzina la wonenayo, ndipo mau a anthu awiri akasiyana alembedwe onse awiri. Zitupa zakale, malisiti a msonkho ndi makadi a mpingo opezeka pansi pa masutikesi akopedwe, eni ake nabwezeredwe.

Pomaliza, pepala lisayesedwe woweruza wosalakwa. Lidalembedwa ndi mlendo wofuna msonkho ndi njira yosalala, kudzera mwa womasulira, pa ulendo wa masiku owerengeka. Mau a nkhalamba nawonso amakometsa mbali ya kwao. Koma pamene ziwirizi zivomerezana, banja lapeza maziko olimba. Ndipo mwana woyenda pamseu wa kusukulu adzadziwa dzina la kholo lake limene lidazula zitsa pamenepo ndi khasu ndi nkhwangwa.