Chipanda Chinachoka Liti M'manja mwa Akulu?

Anthu akamadandaula za anyamata oledzera m'madoko a ku Nkhotakota, amaloza chala mavidiyo, anzawo oipa, kapenanso demokalase ya 1994. Ine ndikalondola mbiri ya mowa ndi chamba m'bomali, mapazi ake amakathera pakhomo pa makolo.

Kale mowa unali ndi eni ake komanso nthawi yake. Amayi ankafulula masese pa dima, pa chikumbutso cha malemu, kapena polonga mfumu. Wofulula ankayamba kulawa yekha pofuna kutsimikiza kuti mulibe mankhwala, ndipo chipanda chinkayenda kuyambira kwa wamkulu. Mwana gawo lake linali thobwa. Mnyamata wopezeka pa mtsuko wa akulu mlandu wake unkafika kwa malume ake. Sindikunena kuti kunalibe zidakwa, zinalipo ndithu, koma mowa sunkagulitsidwa kwa aliyense wobwera ndi khobidi. Ndiponso kuchokera m'zaka za m'ma 1840, pamene Jumbe Salim bin Abdullah anakhazikika pa Nkhotakota, Chisilamu chinazika mizu m'mbali mwa nyanja, moti makomo ambiri ankakana mowa kotheratu. Amishoni a Anglican atafika mu 1894, nawonso sankaseka nako kuledzera.

Chinasintha zinthu ndi ndalama. Kachasu, yemwe dzina lake ndi luso lomutcheza zinachokera kwa Apwitikizi a ku chigwa cha Zambezi, sasasa msanga ngati masese. Amasungika m'botolo, amagulitsika pang'onopang'ono. Fakitale ya shuga itayamba kugaya nzimbe ku Dwangwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, kunabwera antchito olandira malipiro mwezi ndi mwezi, ndipo mayi wotcheza anapeza msika. Ndani angamudzudzule? Botolo lija ndilo linkagula yunifolomu ndi sopo. Komatu amene ankatola nkhuni, kusonkhezera moto, kutsuka mabotolo ndi kuthirira makasitomala anali mwana wa m'nyumba yomweyo. Dzanja lothirira anthu silichedwa kufika pakamwa.

Ku nyanja nkhani yake ndi yomweyi. Mnyamata wa zaka 13 akayamba kukwera bwato usiku kukasaka usipa, m'mawa amatsika ndi ndalama yakeyake. Kholo lolandirako ndalama imeneyo mawu ake amapepuka. Lingamuletse bwanji kumwa amene wagula ufa? Ndipo bambo amene amati kachasu ndiye bulangete la msodzi pa nthawi ya mwera, wamaliza kale kuphunzitsa.

Za chamba n'zovuta kuposa apa. Dzina la Nkhotakota linamveka mpaka kunja kwa dziko chifukwa cha chamba chomwe alendo amachitcha Malawi Gold, cholimidwa mobisa kumapiri. Kwa mabanja ena ndi mbewu basi, yoposa mpunga ndi chinangwa pa mtengo. Mwana amapalira nawo, kuyanika nawo, ndipo amaphunzira msanga kutseka pakamwa akaona galimoto ya apolisi. Bambo angathe kumuuza ndi mtima wonse kuti fodya wamkuluyu ndi wogulitsa, si wosuta. Koma mwana amakhulupirira zimene maso aona kuposa zimene khutu lamva. Make mbuu, mwana mbuu. Nyumba ya Malamulo itavomereza mu 2020 ulimi wa chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale, kusuta kunakhalabe mlandu, ngakhale ena kumudzi anangomva kuti boma lalola.

Masacheti ndiwo anaulula poyera zomwe zinkachitika. Timapaketi timeneti tinali totsika mtengo, tokwana m'thumba la kabudula wa sukulu, ndipo ana ambiri anatidziwa potumidwa ku okala ndi abambo awo omwe. Boma linaletsa masacheti mu 2015, mowa womwewo n'kubwerera m'timabotolo ta pulasitiki. Lamulo limaletsa kugulitsa mowa kwa wosakwana zaka 18, koma wogulitsa akamva kuti "andituma bambo" amalandira ndalama, n'kupereka botolo, osafunsanso china.