Habu, masipoko ndi logbook: mawu a maphunziro a udokotala

Wophunzira udokotala ku Kamuzu University of Health Sciences amadziwa bwino mawu akuti ward round. Ndi ulendo wa m'mawa uja wa bedi ndi bedi pa chipatala cha Queens ku Blantyre, dokotala wamkulu ali patsogolo: kufunsa wodwala, kumugwira pamimba, kumvetsera mtima. Foni singaphunzitse dzanja zimenezi.

Komabe madzulo wophunzira yemweyo amawerenga manotsi pa intaneti ndi kukambirana ndi anzake pa WhatsApp. Kuphatikiza njira ziwirizi ndiko kumatchedwa blended learning, mawu amene anamveka kwambiri Covid-19 itatseketsa masukulu mu 2020.

Mawu ena anachokera ku New Mexico, ku America. Mu 2003 Dr Sanjeev Arora, katswiri wa matenda a chiwindi, ataona odwala hepatitis C akudikira miyezi kuti aonane naye, anayambitsa Project ECHO. Dongosololi amalitcha hub and spoke, chithunzi cha gudumu la njinga: habu ndi akatswiri a pa chipatala chachikulu, masipoko ndi azachipatala akumidzi. Amakumana pa vidiyo, kawirikawiri sabata ndi sabata. Wina amabweretsa case, nkhani ya wodwala weniweni amene wamuzunguza mutu, atachotsa dzina ndi chilichonse chomuzindikiritsa. Onse amafunsa, onse amapereka maganizo, katswiri n'kumangirira. Wodwalayo amachizidwa konko kwawo. Kafukufuku wa mu 2011 anapeza kuti othandizidwa kumidzi motere ankachira mofanana ndi a pa chipatala chachikulu. Apa ndiye pagona phindu lenileni: clinical officer wa kutali sakhalanso yekha ndi matenda ovuta.

Madokotala a opaleshoni ali ndi awo mawu. Bungwe la COSECSA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1999 ndipo Malawi ndi Zambia ndi mamembala, limaphunzitsa anthu ali pa ntchito m'zipatala zawo. Maphunziro ena amabwera pa intaneti, koma opaleshoni iliyonse imene wophunzira wachita kapena wathandizira imalembedwa mu logbook ya pa kompyuta, ndipo aphunzitsi amaonera mmenemo ngati manja akhwima.

Vuto ndi bandulo, netiweki ndi magetsi. Msonkhano wa pa vidiyo ukaduka pakati pa case, wotaya kwambiri ndi wakumudzi uja. Okonza bajeti za zipatala za m'maboma aikemo ndalama za intaneti, ndipo apatse ogwira ntchito nthawi yokhala nawo pa misonkhanoyi.