Mbiri ya Machiritso: Botolo, Muzu, Nyenyezi ndi Uphungu

Phunziro la lero liyambira ku Petauke ndi ku Nyimba.

Tiyerekeze kuti ndi mwezi wa February. Mvula ili kugwa usana ndi usiku, ndipo udzudzu wachuluka m'chigwa cha Luangwa. M'mudzi wina mwana wadzuka thupi lili moto, mutu uli kuwawa, ndipo ali kunjenjemera. Pofika masana, anthu anayi alankhula kale ndi amayi ake. Agogo ati akakumbe muzu kuthengo. Amalume ati akaombeze kuti adziwe chimene chadzetsa nthendayo. Mlendo wochokera m'tauni watulutsa kabotolo ka timibulu toyera, nati ndi mankhwala a homeopathy osapweteka thupi. Mayi wina wa pafupi wangokhala nawo pamphasa ndi kuwalimbitsa mtima. Onse anayi afunira mwanayo zabwino. Koma kodi njira zinayizi ndi zofanana? Anthu ambiri amaziika m'dengu limodzi, nazitcha njira zochizira za kunja kwa chipatala. Mbiri idzatithandiza kuzisiyanitsa.

Khungwa la mtengo ndi dokotala wa ku Germany

M'mapiri a Andes, ku South America, mumamera mtengo wotchedwa cinchona. Khungwa lake ndi lowawa kwambiri, ndipo kuyambira m'zaka za m'ma 1600 anthu a ku Ulaya anali kulimwa pochiza malungo. M'chaka cha 1790 dokotala wina wa ku Germany, Samuel Hahnemann, anafuna kudziwa chifukwa chake khungwalo limachiza. Analimwa ali bwinobwino, ndipo anamva m'thupi mwake zizindikiro zonga za malungo. Pamenepo anaganiza kuti chinthu chimene chidwalitsa munthu wamoyo wabwino chingachize munthu wodwala nthenda ya zizindikiro zomwezo. Ganizo limeneli analilengeza mu 1796, ndipo mu 1810 anasindikiza buku lofotokoza njira yake yonse. Njirayo ndiyo homeopathy.

Popeza zinthu zina zimene ankagwiritsa ntchito zinali zapoizoni, Hahnemann anayamba kuzisungunula m'madzi. Mvetsetsani bwino apa, ana inu. Atenga dontho limodzi la mankhwala, naliika m'madontho 99 a madzi, nakhutchumula. M'madziwo atenganso dontho limodzi, naliika m'madontho ena 99, nakhutchumulanso. Akachita chotero katatu, mankhwala atsala gawo limodzi mwa magawo 1,000,000. Akatswiri a sayansi anawerengera napeza kuti munthu akapitirira maulendo 12, m'botolomo kawirikawiri simutsala ngakhale kachidutswa kamodzi ka mankhwala oyamba aja. Komatu mankhwala ambiri a homeopathy amasungunulidwa maulendo 30. Timibulu toyera tija ndi shuga wodonthezedwa madzi oterewa.

Nanga bwanji Hahnemann anatchuka? Madokotala a nthawi yake ankacheka mitsempha ya odwala kuti magazi atuluke, ndipo ankawamwetsa mankhwala aukali amene ankafooketsa thupi. Wodwala amene anangomwa madzi ndi kupumula ankapeza bwino koposa amene anakhetsedwa magazi. Chinanso, Hahnemann ndi ophunzira ake ankakhala nthawi yaitali ndi wodwala, kumufunsa za tulo take, chakudya chake ndi nkhawa zake. Munthu akamvedwa chotero mtima umagwa pansi. Ndipo tisaiwale kuti matenda ambiri, monga chimfine, amatha okha.

Mu 1835 anthu a mumzinda wa Nuremberg anaganiza zoyesa njirayi poyera. Anakonza timabotolo 100. M'timabotolo 50 anaikamo mchere wosungunulidwa maulendo 30, ndipo m'tina 50 anaikamo madzi okhaokha. Anatisakaniza kotero kuti wopereka ndi wolandira yemwe sanadziwe kamene kanali ndi mchere. Ochuluka mwa amene anamwa sanamve kanthu, ndipo owerengeka amene anati amva kanthu anapezeka mbali zonse ziwiri. Kuyesa kotereku kwachitika nthawi zambiri kuchokera pamenepo. Mu 2015 bungwe la boma la Australia loona za kafukufuku wa umoyo linasanthula zotsatira zake, ndipo silinapeze nthenda ngakhale imodzi imene homeopathy yaonetsa umboni wodalirika kuti imachiza. Mu 2009 bungwe la World Health Organization linali litachenjeza kale kuti anthu asadalire homeopathy pa malungo, chifuwa chachikulu, HIV, ndiponso kutsegula m'mimba kwa ana.

Njira ina ya khungwa lomwelo

Khungwa la cinchona linatsata njira yachiwiri. Mu 1820 akatswiri awiri a ku France, Pelletier ndi Caventou, anapatula m'khungwamo chinthu chenicheni chimene chimachiza, ndicho kwinini. Tsopano kunali kotheka kuyesa muyeso wake pasikelo. David Livingstone ankayenda naye kwinini m'maulendo ake. Anaoloka Luangwa mu December 1866, ndipo mwezi wotsatira onyamula katundu awiri anathawa ndi bokosi lake la mankhwala. Kuchokera pamenepo malungo anamusautsa koopsa. Mu 1880 Alphonse Laveran anaona tizilombo ta malungo m'magazi a wodwala, ndipo mu 1897 Ronald Ross anatipeza m'mimba mwa udzudzu.

Mankhwala a mtundu umenewu anafika m'dziko la Ansenga pamodzi ndi amishoni. A Dutch Reformed anatsegula Nyanje mu 1905 ndi Hofmeyr mu 1914, ndipo ansembe a White Fathers anatsegula Minga mu 1923. Pa Nyanje ndi pa Minga panadzamangidwa zipatala zimene zithandiza anthu kufikira lero. Koma amishoniwo sanapeze dziko lopanda madokotala. Asing'anga anali kudziwa mizu, masamba ndi makungwa, ndipo azamba anali kubereketsa amayi mibadwomibadwo.

Apa ndi pamene muzu wa agogo usiyana ndi kabotolo ka mlendo. M'muzu muli zinthu zenizeni zogwira ntchito m'thupi. Zina zimachiza, zina sizichita kanthu, ndipo zina zimapha, monga khungwa la mwavi limene linatha anthu ambiri m'milandu ya ufiti masiku akale. Vuto la muzu ndi muyeso: mphamvu yake imasiyana malinga ndi nthaka, nyengo ndi dzanja la wophika. Muzu ukayesedwa bwino ungasanduke mankhwala a dziko lonse lapansi. Mu 1972 Tu Youyou ndi anzake ku China anapatula mankhwala a artemisinin m'chitsamba chimene makolo awo ankachizira kutentha thupi, ndipo mu 2015 mayiyu analandira mphotho ya Nobel. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, pamene chloroquine anasiya kugwira ntchito, Zambia inali limodzi la maiko oyamba mu Africa kusankha Coartem, amene achokera ku chitsamba chomwecho. Chotero chipatala sichidana ndi mitengo. Mu 1978 asing'anga a m'dziko muno anakhazikitsa bungwe lawo, la Traditional Health Practitioners Association of Zambia, ndipo sing'anga wanzeru amadziwa nthenda imene ayenera kuitumiza kuchipatala.

Botolo lolonjeza zonse

Makolo athu anaonapo kale botolo lobwera ndi malonjezo aakulu. Cha mu 1933 kunabuka mankhwala a mchape, ochokera ku Mulanje m'dziko la Nyasaland. Anyamata ovala zachizungu ankayenda mudzi ndi mudzi ndi timagalasi todziyang'anira ndi mabotolo a madzi ofiirira. Ankauza anthu kuti atulutse nyanga zawo, ndi kuti mudzi wonse ukamwa, ufiti udzatha ndipo imfa zidzachepa. Mchape unalowa m'chigawo chathu cha kum'mawa, ndipo mu 1934 unali utafika kwa Abemba. Patapita zaka zochepa anthu anaona kuti maliro akali kuchitika monga kale. Mu 1995 dzina lomweli linamvekanso ku Machinga m'Malawi, kumene Billy Goodson Chisupe ananena kuti walota khungwa lochiza Edzi. Anthu miyandamiyanda anapita kukamwa, koma kachilombo sikanachoke m'magazi mwawo. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Botolo lililonse limene likana kuyesedwa, kaya lachokera ku Germany kaya ku Mulanje, tiyenera kulikayikira.

Nyenyezi ndi ula

Tsono tibwere kwa amalume aja amene anati akaombeze. Mitundu yonse ya anthu yafunafuna njira yodziwira zobisika. Kwathu kuno kunali ula. Ku Babulo, kumene lero ndi dziko la Iraq, ansembe ankayang'ana kumwamba. Anagawa njira ya dzuwa m'zigawo 12, ndipo ankanena tsogolo la mwana poona mmene nyenyezi zinaliri tsiku la kubadwa kwake. Kuombeza ndi nyenyezi kumeneku kunafalikira ku Greece, ku India ndi ku Ulaya, kumene madokotala akale ankayamba afunsa nyenyezi asanachize wodwala. Ngakhale dzina lakuti fuluwenza lichokera ku liu la Chitaliyana lotanthauza mphamvu ya nyenyezi pa anthu, pakuti ankayesa kuti nthendayo itsika kumwamba. Lero tidziwa kuti imafala ndi kachilombo.

Kuyang'ana kumwamba si kulakwa. Mlimi amene amadzuka ndi nthanda, nawerenga miyezi kuti adziwe nthawi yosoka tchire ndi yobzala, ali kutsata zinthu zobwerezabwereza chaka ndi chaka. Koma kunena kuti nyenyezi zidziwa khalidwe kapena nthenda ya munthu ndi nkhani ina. Mu 1985 Shawn Carlson, wa ku America, anafalitsa zotsatira za mayeso amene anapatsa akatswiri oombeza ndi nyenyezi. Anawapatsa tsiku, nthawi ndi malo obadwira a anthu amene sanawaone, nawapempha kuti asankhe khalidwe la munthu aliyense. Sanapambane munthu wongolota. Ula uli ndi choopsa chinanso: ungaloze chala agogo osalakwa, mudzi nugawanika. Lamulo loletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti linakhazikitsidwa m'dziko muno mu 1914, ndipo likalipo.

Mau monga mankhwala

Watsala mayi uja amene anangokhala pamphasa. Iye sanabwere ndi botolo, koma zimene anachita ndi zakale kuposa zonse. M'midzi ya mafumu Kalindawalo, Nyamphande, Ndake ndi Luembe, monganso m'midzi ina yonse, alangizi, ankhoswe ndi akulu a mpingo akhala akumva madandaulo a anthu ndi kuwaongolera. Ntchito imeneyi inakula m'nthawi ya Edzi. Mu 1987 Pulezidenti Kenneth Kaunda anauza dziko poyera kuti mwana wake anamwalira ndi nthendayo, ndipo mu 1989 bungwe la Kara Counselling linayamba ku Lusaka kuphunzitsa aphungu okhala ndi anthu asanayezetse magazi ndiponso atamva zotsatira.

Uphungu nawo unayesedwa. Ku Harare, m'Zimbabwe, dokotala Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pabenchi kunja kwa chipatala ndi kumvetsera anthu ovutika ndi maganizo. Zotsatira zimene zinafalitsidwa mu 2016 zinaonetsa kuti anthu amene anacheza ndi agogowo anapeza bwino koposa amene sanacheze nawo. Uphungu unapambana mayeso pa ntchito yake, ndiyo kuchiza mtima wosweka ndi kuthandiza munthu kusankha bwino. Koma mau sapha tizilombo ta m'magazi, ndipo phungu weniweni sanena kuti amapha.

Chimene mbiri itiphunzitsa

Tsopano taona chimene chigwirizanitsa njira zinayizi. Wa homeopathy, sing'anga, woombeza ndi phungu onse amapatsa munthu nthawi, namufunsa za moyo wake wonse, ndipo munthuyo amachoka mtima uli m'malo. Chimenechi ndi chamtengo wapatali, ndipo anamwino ndi madokotala, amene mzere wa odwala umawachulukira, ayenera kuchikumbukira. Koma zikayesedwa, njirazi zimapatukana. M'kabotolo ka homeopathy muli madzi ndi shuga. Nyenyezi sizidziwa nthenda ya munthu. Muzu uli ndi mphamvu yofunika kuiyesa ndi kuisamala. Uphungu uchiza mtima, koma thupi lifuna mankhwala ake.

Nanga mwana uja? Malungo angaphe mwana wamng'ono m'masiku owerengeka. Dontho limodzi la magazi a pachala limaonetsa ngati ali ndi malungo pasanathe theka la ola, ndipo mankhwala ake amamwedwa masiku atatu. Choopsa cha kabotolo ndi cha ula si kuwawa kwake ayi, koma masiku amene amatayika. Mayi wa pamphasa uja adzakhala phungu wabwino akanena kuti, "Amake mwana, nyamukani, ndikuperekezeni kuchipatala dzuwa lisanapendeke." Safunsa anadya phula, inunso, ana inu, munthu akakuonetsani mankhwala, mufunse mwaulemu: muli chiyani m'menemo, anawayesa ndani, ndipo anapeza chiyani?

Kwa aphunzitsi

Konzani makapu anayi a madzi oyera. M'kapu yoyamba sungunulani supuni ya mchere. Tengani dontho limodzi la m'kapuyo muike m'kapu yachiwiri, ndipo chitani chimodzimodzi kufikira kapu yachinayi. Ana alawe ndi supuni zotsuka bwino, osawauza kapu imene alawa, ndipo lembani mayankho awo pabolodi. Pambuyo pake afunseni mafunso awa:

1. Kodi Samuel Hahnemann anamwa khungwa la mtengo wanji, ndipo m'chaka chiti?
2. Chifukwa ninji anthu a ku Nuremberg anabisa zimene zinali m'timabotolo?
3. Tchulani mankhwala awiri a malungo amene anachokera ku zomera.
4. Kodi mchape unalonjeza chiyani, ndipo chinachitika ndi chiyani?
5. Funsani agogo anu za mtengo umodzi wa mankhwala, ndi nthenda imene iwo amati njofunika chipatala. Mudzafotokozere anzanu m'kalasi.