Mwendo m'Mwamba, Mtima Kumudzi: Zithunzi za Magule a m'Migodi ya ku Joni

M'chaka cha 1952 munatuluka mabuku awiri a zithunzi amene alemba mbiri sakonda kuwatchulira pamodzi. Ku Paris, Henri Cartier-Bresson anatulutsa buku lomwe pa Chingelezi limadziwika kuti The Decisive Moment. Mfundo yake inali yakuti chochitika chilichonse chili ndi kamphindi kamodzi kamene thupi, kuwala ndi tanthauzo zimakumana, ndipo ntchito ya wojambula ndiyo kukadikira kamphindiko. Ku Johannesburg, Hugh Tracey anatulutsa African Dances of the Witwatersrand Gold Mines, momwe munali zithunzi za Merlyn Severn.

Severn anali mayi wa ku Britain amene anatchuka ndi buku lake la 1938, Ballet in Action. Ambiri m'nthawi imeneyo ankaimika ovina m'chipinda chojambulira, n'kuwauza kuti aume ngati zosema. Iye ankalowa ndi kamera yaing'ono m'nyumba ya zisudzo n'kujambula gule ali mkati. Wovina akadumpha, pamakhala kanthawi kochepa kamene thupi limaleka kukwera koma lisanayambe kutsika. Pamenepo limakhala ngati laima, ndipo chithunzi chimatuluka chooneka bwino ngakhale kuwala kuli kochepa. Luso lodikira kanthawi kameneka ndi limene anafika nalo m'mabwalo a m'migodi, kumene amuna ankavina Lamlungu, mtundu uliwonse pawokha: Azulu, Axhosa, Asotho, Ashangani, ndi Achopi a ku Mozambique ndi mangolongondo awo otchedwa timbila.

Zithunzi zotere ndi chuma, pakuti zinasunga kaponyedwe ka mwendo ndi kavalidwe ka ovina a nthawiyo. Komabe bwalo lija linali la eni mgodi. Magulewo ankaonetsedwa kwa azungu odzacheza, ndipo kugawa antchito potsata mitundu, m'komboni ndi pabwalo pomwe, kunkathandiza kuti asamange mfundo imodzi. Kamera yoloza pakati pa bwalo imagwira mphamvu ndi chimwemwe cha wovina, koma mpanda wa komboni umatsalira kunja kwa chithunzi.

Amene anatembenuzira kamera kumpandako anali mwana wa ku Pretoria. Ernest Cole anabadwira ku Eersterust mu 1940, ndipo mu 1958 anayamba ntchito ku magazini ya Drum pansi pa Jürgen Schadeberg. Ataona mabuku a Cartier-Bresson, anatsimikiza mtima kuti naye adzapanga buku lonena za dziko lake. Anatengera njira ya mkuluyo: kamera yaing'ono, kuwala komwe wakupeza, ndi kuleza mtima. Polowa m'migodi ankaibisa kamerayo m'kathumba ka chakudya. Chithunzi chake chodziwika koposa chikuonetsa amuna ali mbulanda pamzere, manja ali m'mwamba, akudikira kupimidwa asanalembedwe ntchito. Manja okwezedwa ngati amenewa ukawaona pabwalo la gule ndi chisangalalo. Apa ndi lamulo. Kaimidwe ka thupi pakokha sikanena zili mumtima, mpaka woona adziwe amene walamula kuti manja akwere.

Cole anathawa m'dziko mu 1966. Buku lake, House of Bondage, linatuluka mu 1967 ndipo boma la tsankho linaliletsa. Anamwalira ku New York mu 1990. Mu 2017 mafilimu ake pafupifupi 60,000 anapezeka m'banki ina ku Sweden, ndipo bukulo litasindikizidwanso mu 2022, anawonjezeramo mutu umene unasiyidwa poyamba, wonena za luso ndi zosangalatsa za anthu akuda. Zikuoneka kuti iye sanakane chimwemwe. Anakana kuti chimwemwecho chikhale chophimba nkhanza.

Kwa Amalawi nkhaniyi si ya kutali. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970, amuna a ku Malawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa kudzera ku Wenela, mpaka ndege inagwa ku Francistown mu April 1974 n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo Kamuzu Banda anaimitsa kulemba anthu. Makomboni amene Cole anajambula ndi amtundu womwewo amene makolo athu ankagonamo.

Funso lomweli limamupeza aliyense wojambula Gule Wamkulu, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005. Chilombo chilibe nkhope ya munthu yoti uwerengepo chisoni kapena kuseka. Wojambula akatsata Severn yekha, adzagwira mwendo uli m'mwamba ndi fumbi likuuluka. Akaonjezapo phunziro la Cole, adzabwerera m'mbuyo pang'ono kuti alowetsemo oimba ng'oma, amayi owomba m'manja ndi anamfedwa okhala pamphasa, pakuti ndi iwo amene amauza woona ngati gule ameneyu ndi wa maliro, wa chinamwali, kapena wovinira alendo olipira ndalama.