Mawu omangira anthu mtolo umodzi: tanthauzo lake ndi kagwiritsidwe kake

M'Chichewa muli timawu tating'onoting'ono tomwe timatha kutenga mlandu wa munthu mmodzi n'kuusenzetsa mtundu wonse. Timawuti ndi monga "onse", "nthawi zonse" ndi "ndi mmene alili". Pali njira ziwiri zolankhulira za gulu la anthu: kunena zomwe zimachitika kawirikawiri, ndi kumata anthu chizindikiro chosasintha. Njira ziwirizi zimafanana pozimva, koma zotsatira zake n'zosiyana.

Kunena za kawirikawiri

Munthu sangalankhule popanda kuika zinthu m'magulu. Wonena kuti "Amalawi ambiri amadya nsima" sakunama, ndipo sakulakwira yemwe amakonda mpunga kapena kondowole. Mawu akuti "ambiri", "ena", "nthawi zina" ndi "kawirikawiri" amasiyira malo munthu wosiyana ndi anzake, ndipo wowanena amatha kusintha maganizo akaona umboni watsopano.

Kumata chizindikiro

Vuto limayamba pamene "ena" asanduka "onse". Mphatikiri -ma-, yemwe amaonetsa chizolowezi, ali ndi mphamvu yaikulu pankhaniyi. Chiganizo chakuti "kondakitala wandibera chenji" chikunena za munthu mmodzi ndi tsiku limodzi, pamene "makondakitala amaba" chaweruza gulu lonse, kuphatikizapo omwe sanabepo. Nayenso mphatikiri chi- amachita zofanana: mawu akuti "zachimidzi" amatha kuchoka pa tanthauzo la zinthu za kumudzi n'kukhala chitonzo kwa aliyense wokhala kumudziko. Ngakhale mwambi wakuti nsomba ikaola imodzi zonse zaola, womwe cholinga chake n'kuchenjeza munthu kuti asaipitse mbiri ya anzake, ena amautembenuza kukhala chilolezo chonyozera gulu.

Gwero la liwu la Chingerezi

Pa Chingerezi maganizo oterewa amatchedwa stereotype. Liwuli linachokera ku mawu awiri a Chigiriki: stereos, kutanthauza cholimba, ndi typos, kutanthauza chidindo. Poyamba linali la osindikiza mabuku, ndipo limalumikizidwa ndi Firmin Didot wa ku France, yemwe chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700 ankagwiritsa ntchito chitsulo chodinda tsamba lomwelo kambirimbiri osasintha kanthu. Mtolankhani wa ku America, Walter Lippmann, ndiye anatchukitsa tanthauzo lomwe likudziwika lero m'buku lake lotchedwa Public Opinion la mu 1922. Mu 1954, Gordon Allport anafotokoza m'buku la The Nature of Prejudice momwe tsankho limakulira kuchoka pa mawu onyoza kufika pa kusalana, kumenyana ndi kuphana.

Pamene mawu abala imfa

Mbiri ya Africa ikuchitira umboni mfundo ya Allport. Ku Rwanda, wailesi ya RTLM inkatchula Atutsi kuti inyenzi, kutanthauza mphemvu, ndipo mu 1994 anthu pafupifupi 800,000 anaphedwa m'masiku pafupifupi 100. Ku South Africa, dzina lonyoza lakuti makwerekwere limaunjika pamodzi Amalawi, anthu a ku Zimbabwe, a ku Mozambique ndi ena obwera. Pa ziwawa za mu May 2008 anthu 62 anataya miyoyo.

Kuno kumudzi, maganizo akuti okalamba ndi afiti anaphetsa agogo anayi ku Neno mu January 2016, atawanamizira kuti ndiwo anatumiza mphenzi yomwe inapha mtsikana wina. Nawo anthu achialubino akhala akuitanidwa ndi mayina owachotsera umunthu, monga kuwatchula kuti ndalama, mawu omwe amalimbikitsa bodza lakuti ziwalo zawo zimalemeretsa.

Komabe mawu oipa amatha kugonjetsedwa. M'zaka za m'ma 1940, Alhomwe motsogozedwa ndi Lewis Bandawe anakana dzina lachipongwe lakuti Anguru, mpaka boma la atsamunda linasiya kuligwiritsa ntchito m'zolemba zake.

Zomwe malamulo akunena

Gawo 20 la malamulo aakulu a dziko lino limaletsa tsankho potengera mtundu, khungu, chilankhulo, chipembedzo, ulumali, kapena kuti munthu ndi wamwamuna kapena wamkazi. Lamulo lokhudza ufiti la mu 1911 limanena kuti kuloza munthu chala kuti ndi mfiti ndi mlandu.

Kagwiritsidwe koyenera

Wolemba kapena wolankhula pagulu angadziteteze podzifunsa mafunso atatu. Kodi anthu akunenedwawo ndi angati, ndipo anawawerenga ndani? Kodi mtundu, dera kapena chipembedzo cha munthu chikukhudzana ndi nkhaniyo? Kodi mawuwo angawanene mwini wake ali pomwepo? Ngakhale chizindikiro chooneka ngati choyamikira, monga kunena kuti anthu a chigawo chakuti ndi anzeru kapena olimbikira, chimabisa chitonzo kwa omwe sanatchulidwe. Wakuba atchulidwe kuti wakuba pa dzina lake, mtundu wake usasenzetsedwe mlandu womwe sunapalamule.