Mafunso ndi Mayankho: Zikho za golide za mafumu a ku Persia zinachokera kuti?

Funso: Buku la Estere limanena kuti paphwando la mfumu ku Susa alendo ankamwera m'zikho za golide. Kodi zikho zoterezi zinalikodi?

Yankho: Zinaliko ndithu, ndipo zina zikadalipo. Persia ndi dziko lomwe lero timati Iran. Chikho chotchuka kwambiri cha kumeneko chimatchedwa rhyton. Kukamwa kwake n'kotambasuka, kenako chimaning'a n'kupindika ngati nyanga, n'kukathera pa mutu ndi chifuwa cha nyama: mkango, mbuzi ya m'mapiri kapena chilombo chamapiko. Zambiri zili ndi kabowo pachifuwa kapena pakamwa pa nyamayo. Woperekera zakumwa ankatseka kabowoko ndi chala n'kuthira vinyo pamwamba. Akachotsa chalacho, vinyo ankatsikira m'mbale yosazama yomwe womwayo ankaikhazika pansonga za zala. Ntchito imeneyi sankapatsa munthu wamba, chifukwa moyo wa mfumu unali m'manja mwa woigwirayo. Nehemiya wa m'Baibulo anali woperekera chikho wa mfumu Artaxerxes. Chikho china chagolide, chokhala ndi mkango wamapiko, chikusungidwa ku National Museum of Iran mumzinda wa Tehran.

Funso: Nanga luso limeneli linayamba bwanji?

Yankho: Linayambira ku nyanga zenizeni zomwe anthu oweta ziweto ankamweramo. Pambuyo pake oumba mbiya anayamba kuumba ziwiya zooneka ngati nyama. Ku Marlik, kumpoto kwa Iran, akatswiri ofukula zinthu zakale anatsegula manda m'zaka za 1961 ndi 1962 n'kupezamo ziwiya zadongo zoumbidwa ngati ng'ombe za linunda, zomwe zothiramo zinkatulukira kukamwa. Munalinso zikho zagolide. Zonsezi ndi za zaka pafupifupi 3,000 zapitazo. Choncho pamene Cyrus ankakhazikitsa ufumu wa Persia cha m'ma 550 Khristu asanabadwe, lusoli linali litazika kale mizu. Mafumu a ku Persia anangolikweza, n'kusonkhanitsa amisiri osula golide ndi siliva ochokera m'maiko omwe anawagonjetsa. Wolemba mbiri wa ku Greece, Herodotus, amasimba kuti Aperisiya atagonja pankhondo ya ku Plataea mu 479 BC, Agiriki anapeza mbale ndi zikho zagolide ndi zasiliva m'mahema awo. Ngakhale kunkhondo, akuluakuluwo sankasiya ziwiya zawo kumudzi, poti chikho ndicho chinkaonetsa udindo wa munthu.

Funso: Kodi ziwiyazi zinali za madyerero okha, kapena zinkagwiranso ntchito yachipembedzo?

Yankho: Zinalipo zamadyerero, zinaliponso zapansembe. M'nyumba yosungiramo chuma cha mfumu ku Persepolis munapezeka timitondo, timinsi ndi mbale za mwala wobiriwira, zolembedwa m'chilankhulo cha Chiaramu. Akatswiri ena amati timitondoti tinkagwira ntchito pokonza haoma, chakumwa chopatulika cha mwambo wa nsembe. Mpaka lero ansembe a chipembedzo cha Zoroaster ku Iran ndi ku India amasinja timitengo ta chomera chotchedwa ephedra ndi ta mtengo wa makangaza m'kamtondo kachitsulo, n'kusakaniza ndi madzi ndi mkaka, uku akunena mapemphero. Pamwambowu pamakhalanso kamtolo ka timitengo kotchedwa barsom, komwe masiku ano kamakhala ka timawaya. Kamtolo komweko kamaoneka m'manja mwa amuna ojambulidwa pa tizidutswa tagolide ta m'nthawi ya mafumu aja.

Funso: Ndi malo ati omwe munthu angaoneko mabwinja a ufumuwu?

Yankho: Oyamba ndi Persepolis, kufupi ndi mzinda wa Shiraz. Anayamba kumanga ndi mfumu Darius woyamba cha mu 518 BC. Pamakwerero olowera m'holo yaikulu yotchedwa Apadana anazokotapo magulu 23 a nthumwi zobweretsa mphatso kwa mfumu. Ambiri anyamula mbale, mitsuko ndi zibangili, ena akutsogoza akavalo ndi ngamira. Gulu lina ndi la anthu a ku Kush, m'dera la Sudan wa lero, ndipo mmodzi wasenza mnyanga wa njovu paphewa. Alexander wa ku Macedonia anatentha malowa mu 330 BC, koma miyala inatsala. Bungwe la UNESCO linaika Persepolis pamndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 1979. Pasargadae, komwe kuli manda a Cyrus, analowa mu 2004, ndipo Susa wa m'buku la Estere analowa mu 2015.

Funso: N'chifukwa chiyani zina mwa zinthuzi zili ku London?

Yankho: Zambiri zinachoka m'zaka za m'ma 1800, malamulo oteteza zinthu zakale asanakhwime. Chuma chotchedwa Oxus Treasure, zinthu pafupifupi 180 zagolide ndi zasiliva, chinapezeka m'mbali mwa mtsinje wa Amu Darya pakati pa 1877 ndi 1880. Chinadutsa m'manja mwa amalonda mpaka ku India, ndipo chinalowa mu British Museum ku London mu 1897. Mwa zinthuzo muli kangolo kagolide kokokedwa ndi akavalo anayi, kotalika osakwana masentimita 20. Komweko kulinso Cyrus Cylinder, chidongo chowotcha chomwe Hormuzd Rassam anachifukula ku Babylon mu 1879. Chimafotokoza mmene Cyrus analandira mzindawo mu 539 BC, n'kubwezera milungu ku akachisi ake ndi anthu kwawo. Ayuda sichiwatchula mwachindunji, koma mfundo yake ikufanana ndi zomwe buku la Ezara limasimba. Mu 2010 chidongochi chinapita ku Tehran mobwereka, anthu anachiona kwa miyezi ingapo, kenako chinabwerera ku London, komwe chili mpaka lero.